Webusaiti yokongola imene Google inkalephera kuiwerenga: lipoti la kuunika code ya loji ina ku Zomba

Loji imene lipotili likunena ili m'munsi mwa phiri la Zomba. Ili ndi zipinda zogona, malo odyera ndi holo yaing'ono ya misonkhano. Alendo ake ambiri ndi anthu a m'mabungwe obwera kumisonkhano, makolo odzaonerera ana awo akulandira madigiri ku University of Malawi, ndi alendo akunja amene amagona usiku umodzi kapena uwiri, kukwera phiri kukaona damu la Mulunguzi ndi Chingwe's Hole, kenako n'kupitirira ku Liwonde. Onsewa amayamba afufuza kaye pa foni asananyamuke kwawo.

Dandaulo la eni ake linali lakuti webusaiti yawo yatha zaka zitatu ili pa intaneti koma siituluka pa Google. Munthu akalemba "lodge in Zomba" kapena "malo ogona ku Zomba", lojiyo sinkaoneka ngakhale pa tsamba lachisanu. Ngakhale alembe dzina lenileni la loji, pamwamba pankabwera tsamba lawo la Facebook ndi masamba a makampani osungitsa zipinda, amene amatapa gawo lawo pa mlendo aliyense wodzera kwa iwo. Eni ake ankakhulupirira kuti mawu ofufuzira ndi amene akuchepa, moti anali atalipira kale munthu wina kuti adzaze mawu oposa 200 mu tag ya meta keywords, kamzere kobisika mu code ya tsamba. Ndalama imeneyo inalowa m'madzi, chifukwa Google inalengeza poyera mu 2009 kuti tag imeneyi siigwiritsa ntchito posanja zotsatira.

Kuiona pa foni kapena pa kompyuta, webusaitiyo inali yosiririka: zithunzi za phiri, mitengo ya zipinda, batani la WhatsApp pakona. Apa ndi pamene eni mawebusaiti ambiri amasocherera. Munthu amaona tsamba browser itamaliza kulikonza ndi kuphimba zolakwika zake. Googlebot, pulogalamu ya Google yoyendera ndi kuwerenga mawebusaiti, imayambira pa zimene seva yatumiza, ndipo ngakhale imayendetsa JavaScript, sidina batani lililonse ndipo siyenda m'njira imene sinalembedwe ngati linki.

Webusaitiyo ndi zida zoyesera

Webusaitiyo inamangidwa pa WordPress, pa seva ya ku Johannesburg yogawana ndi mawebusaiti ena ambiri. Inali ndi masamba enieni 50, a Chingerezi 38 ndi a Chichewa 12. Inali ndi ma-plugin 31, timapulogalamu towonjezera ntchito, ndipo theme yake, imene imapatsa webusaiti maonekedwe, inali ya mtundu wogulitsidwa koma yotengedwa ulere kumalo ogawa mapulogalamu obedwa. Amene anaimanga anachoka kalekale osasiya ngakhale kapepala kofotokoza zimene anachita.

Tisanakhudze chilichonse tinakopera mafayilo onse ndi database, n'kuimika kope la webusaitiyo pa kompyuta ina. Kuyesa konse kunkachitikira pa kopelo. Zida zinali zaulere zokhazokha: Google Search Console yoonetsa mmene Google ikuionera webusaiti, curl yoonetsa zimene seva yayankha, Screaming Frog imene imayenda maadiresi 500 osalipira, Nu Html Checker ya W3C yopeza zolakwika mu code ya tsamba, PageSpeed Insights yoyeza liwiro, ndi foni wamba ya Android yotsika mtengo yoyesera pa data ya m'tauni momwemo.

Kulowa mu Search Console kokha kunadya sabata yathunthu, chifukwa dzina la webusaiti linalembetsedwa pa imelo ya amene anaimanga osati ya loji. Litabwezedwa m'manja mwa eni ake, tinatsimikizira umwini kudzera mu DNS poika TXT record. Njira imeneyi imasonkhanitsa http, https, www ndi adiresi yopanda www pamalo amodzi, ndipo pa nkhani iyi zimenezo zinali zofunika kwambiri.

Lipoti la masamba linaonetsa kuti Google ikudziwa maadiresi oposa 3,000 pa webusaiti ya masamba 50. Mwa masamba enieniwo, 11 okha anali pa adiresi yoyenera mu index, nkhokwe ya masamba imene Google imatengamo zotsatira. Masamba 16 analembedwa kuti "Excluded by 'noindex' tag", kutanthauza kuti anali ndi lamulo louza Google kuti isawaike mu index. Ena 14 anali pansi pa "Duplicate without user-selected canonical", kutanthauza kuti Google sinaone canonical, tag yonena adiresi yeniyeni ya tsamba, ndipo inasunga kope la pa adiresi ina. Otsala 9 Google sinkawadziwa n'komwe. Manambala amenewa ndi amene anatipatsa dongosolo la ntchito: choyamba khomo lolowera, kenako zimene Googlebot ikuwerenga ikalowa, liwiro pomaliza. Kuchepetsa zithunzi za tsamba limene lili ndi noindex n'kutunga madzi ndi dengu.

Pakhomo: robots.txt, noindex ndi maadiresi anayi

Fayilo ya robots.txt, imene imauza Googlebot kumene isalowe, inali ndi mzere wakuti Disallow: /wp-content/. Mu WordPress, foda imeneyi ndi imene imasunga theme, ma-plugin ndi zithunzi zonse. Choncho Googlebot inkaloledwa kutenga HTML koma osati CSS yosanja maonekedwe a tsamba, JavaScript kapena zithunzi. Titayesa tsamba loyamba ndi URL Inspection ya mu Search Console, chithunzi cha mmene Google ikulionera chinali cha mawu akuda pa malo oyera, osasanjika. Kuyambira mu Julayi 2024 Google imayendera mawebusaiti onse ndi Googlebot ya foni, ndipo popanda CSS singadziwe ngati tsamba likukwana pa foni. Tinachotsa mzerewo, n'kusiya woletsa /wp-admin/ wokha ndi wololeza admin-ajax.php, kenako tinalembamo adiresi ya sitemap, mndandanda wa masamba onse a webusaiti.

Masamba 16 a noindex anali a zipinda ndi holo, omwe ndi amene amabweretsa ndalama. Bokosi la Settings, Reading loletsa makina ofufuzira linali losachongedwa, ndipo curl -I sinaonetse X-Robots-Tag mu ma-header. Lamulolo linkachokera mu plugin ya SEO, yothandiza webusaiti kupezeka pa makina ofufuzira, momwe mtundu wonse wa masamba a zipinda unazimitsidwa nthawi yomanga, n'kuiwalika. Malo atatu onsewa amayenera kuonedwa, chifukwa noindex imatha kubisala paliponse mwa iwo.

Pa maadiresi, http inkatumiza ku https ndi 302, yomwe imanena kuti kusamukako n'kwakanthawi. Ya www ndi yopanda www zonse zinkayankha 200, kutanthauza kuti tsamba lilipo, ngati mawebusaiti awiri osiyana. Tinasankha https yopanda www, n'kulemba mu .htaccess kuti zitatu zinazo zipite kumeneko ndi 301, yonena kuti kusamukako n'kwamuyaya, mu sitepe imodzi. Googlebot imatsatira masitepe ofika 10, koma sitepe iliyonse ndi ulendo wina wopita ku Johannesburg ndi kubwerera, ndipo mlendo wa pa foni amaumva.

Mzere umodzi mu head

Nu Html Checker inatulutsa zolakwika 212 pa tsamba loyamba. Nambala yotere imaopsa eni mawebusaiti, ndipo ena amalipiritsa anthu kuti aitsitse kufika pa ziro. Kunena zoona, zambiri mwa zolakwikazi sizikhudza kufufuzidwa: attribute yakale apa, id yobwerezedwa apo. Google imawerenga masamba osalembedwa bwino tsiku ndi tsiku. Ntchito ya wounika ndi kupeza ziwiri kapena zitatu zimene zimasintha mmene tsamba limamvekera. Pano zinali ziwiri zotsatizana: "Stray end tag head" ndi "Start tag body seen but an element of the same type was already open".

Tanthauzo lake ndi lakuti browser inatseka msanga gawo la head, limene limasunga malangizo osaonekera kwa mlendo, isanafike pamene wolemba anatsekera. Mu head mumaloledwa ma-tag ochepa okha: title, meta, link, script, style, base, noscript ndi template. Browser ikakumana ndi china chilichonse, monga div, img kapena iframe, imaganiza kuti head yatha ndipo body, gawo loonekera la tsamba, yayamba. Mu header.php, pa mzere wa 9, munthu wina anamata code ya batani la WhatsApp, yokhala ndi div ndi kachithunzi. Zonse zolembedwa pansi pa mzerewo zinagwera mu body: canonical, hreflang yolozera tsamba lomwelo m'chilankhulo china, meta description ndi ma-tag a Open Graph.

Vuto limeneli silioneka munthu akatsegula View Source, chifukwa kumeneko ma-tag onse amaoneka ali m'malo mwake, pakati pa potsegulira ndi potsekera head. Limaoneka mu DevTools, pa Elements, pamene browser imaonetsa mmene yalisanjira tsambalo. Kumeneko head inali ndi mizere inayi yokha.

Google imanena momveka kuti canonical imailandira ikakhala mu head. Yopezeka mu body imainyalanyaza, ndipo ikaona tag yosaloledwa mu head imasiya kuwerenga zotsatira zake ngati za mu head. Ichi ndi chifukwa chake masamba 14 ankanenedwa kuti alibe canonical pamene plugin inkailemba pa tsamba lililonse. Chopweteka n'chakuti tag ya meta robots yokha, imene imanyamula noindex, Google imaimvera ngakhale ili mu body. Choncho div imodzi ija inapha malangizo onse othandiza n'kusiya noindex ikugwira ntchito bwinobwino.

Kukonza kwake kunatenga mphindi zosakwana khumi: kuchotsa code ya batani mu head, kuiika mu footer, n'kuonanso mu Elements kuti canonical yabwerera. Zolakwika za pa Nu Html Checker zinatsika kuchoka pa 212 kufika pa 171, chifukwa zina zinali ana a vuto lomweli. Zambiri mwa zotsalazo tinazisiya dala.

Masamba opanda njira yofikirako

Screaming Frog itayamba pa tsamba loyamba inapeza masamba 13 okha mwa 50. Menyu ya pamwamba inapangidwa ndi ma-div okhala ndi onclick, osati tag ya a yokhala ndi href. Munthu akadina, JavaScript imamupititsa kumene akufuna. Googlebot imatsatira a href basi. Masamba 37 analibe linki yeniyeni yowalozera, ndipo amene Google inkawadziwa inawapeza kudzera mu sitemap yakale kapena malinki ochokera kunja.

Tsamba la zipinda linali ndi vuto lofanana nalo. Mitundu ya zipinda inali m'ma-tab, ndipo mawu a tab iliyonse ankabwera kuchokera ku seva pokhapokha munthu akadina. Adiresi inkangosintha kumapeto, kukhala #single, #double, #family. Zonse zobwera pambuyo pa chizindikiro cha # Google siziwerenga ngati tsamba lina. Tinalembanso menyu ndi nav, ul ndi a href, ndipo tab iliyonse tinailozetsa ku tsamba lenileni la chipindacho. Kubisa mawu mu tab si kulakwa, bola mawuwo akhale ali kale mu HTML tsamba likamatseguka.

Mitengo ya zipinda, mndandanda wa zakudya ndi malipiro a holo zonse zinali m'zithunzi za JPEG zimene zinapangidwira WhatsApp status, n'kungokwezedwa pa webusaiti mmene zinalili. Chizolowezi chimenechi chafala kwambiri kuno. Tsamba la zakudya linali ndi mawu 12 okha olembedwa. Chambo, nkhuku ya lokolo, tiyi wa m'mawa, zonse zinali m'chithunzi chopanda alt, mawu ofotokoza chithunzi. Tinazilemba ngati mawu ndi matebulo a HTML. Phindu lina n'lakuti mtengo ukasintha, ndipo masiku ano ukusintha pafupipafupi, wa ku ofesi angosintha nambala osafunanso wojambula.

Mitu ya masamba tinaidutsa msanga chifukwa kukonza kwake n'kodziwika. Masamba 21 anali ndi title yofanana yothera ndi "Just another WordPress site". Chizindikiro cha loji chinali mu h1, tag ya mutu waukulu, pa tsamba lililonse, pamene mutu weniweni unali mu h4 chifukwa wina anakonda kukula kwa zilembo zake. Malinki ambiri ankangoti "Dinani apa". Tsamba lililonse linapatsidwa title yakeyake yotchula chinthucho ndi Zomba, h1 imodzi, ndi malinki onena kumene akupita.

Masamba a Chichewa

Masamba 12 a Chichewa anali ndi matenda awoawo. Mawu akuti Malaŵi ankaoneka ngati MalaÅµi, ndipo m’mawa ankaoneka ngati mâ€™mawa. Mu UTF-8, chilembo cha ŵ chimasungidwa ndi ma-byte awiri, C5 ndi B5, ndipo kankhodolero kopindika kamene Word imaika kamasungidwa ndi atatu, E2, 80 ndi 99. Pulogalamu ikawerenga ma-byte amenewa ngati latin1, iliyonse imasanduka chilembo pachokha. Pa Chingerezi zimenezi zimaoneka mwa apo ndi apo. Pa Chichewa zimawononga pafupifupi mzere uliwonse, chifukwa pang'ono, m'chipinda, n'kupita ndi ng'ombe zonse zili ndi kankhodolero. Mawu oterewa sangagwirizane ndi zimene munthu walemba pofufuza, ndipo akatuluka pa Google amaoneka ngati webusaiti yagwidwa ndi vairasi.

Meta charset inali yolondola ndipo inali mkati mwa ma-byte 1024 oyambirira monga zimafunikira. Kuwonongekako kunali mu database momwemo, kuchokera nthawi imene webusaiti inasamutsidwa pa seva ina: mawu a UTF-8 anatulutsidwa ngati latin1 n'kulowetsedwanso ngati UTF-8. Mankhwala ake ndi kubweza mawuwo ku latin1, kuwatenga ngati binary, kenako kuwawerenga ngati utf8mb4. Msampha uli pakuti izi zichitike pa mizere yowonongeka yokha. Nkhani zolembedwa webusaiti itasamuka kale zinali zabwino, ndipo kuzidutsitsa m'njira yomweyo kukanasandutsa ŵ aliyense kukhala chizindikiro cha funso. Tinasankha mizere yokhala ndi Åµ kapena â€ basi. Pa ma-setting a theme, amene PHP imasunga pamodzi ndi nambala ya kutalika kwa mawu, tinagwiritsa ntchito search-replace ya WP-CLI, imene imawerengeranso nambalayo. Kusintha ndi SQL wamba kumeneko kumafufuta ma-setting.

Masambawa anali ndi lang, chizindikiro cha chilankhulo cha tsamba, ya en-US, ndipo mu hreflang Chichewa chinalembedwa kuti ch. Mu ISO 639-1, ch ndi Chamorro, chilankhulo cha ku Guam. Chichewa ndi ny, ndipo MW ndi dziko osati chilankhulo. Tinaika ny-MW ndi en, tsamba lililonse kulozera mnzake ndi kudzilozera lokha, chifukwa hreflang yolozera mbali imodzi Google siiwerengera. Google imazindikira chilankhulo poona mawu a pa tsamba osati lang, komabe lang yolakwika imasokoneza mapulogalamu owerengera anthu osaona ndiponso omasulira a mu browser.

Kumene maadiresi 3,000 anachokera

Kufufuza ndi site: kutsogolo kwa dzina la webusaiti kunatulutsa masamba a Chijapani otsatsa zikwama ndi mawotchi. Munthu akatsegula adiresi yotere pa foni ankangofika pa tsamba loyamba la loji. Titayesa ndi curl -A, kudzitcha Googlebot, seva inatumiza tsamba la Chijapani lathunthu. Google imautcha mchitidwewu Japanese keyword hack. Dziwani kuti code ina yotere imaona adiresi ya IP osati dzina lokha, moti curl ikhoza kusaonetsa kanthu. Umboni wodalirika ndi HTML imene URL Inspection yasunga.

Gwero linali theme yobedwa ija. Mu functions.php munali mzere wautali wa eval ndi base64_decode, mu foda ya uploads munali mafayilo atatu a PHP odzitcha mayina a zithunzi, ndipo pamizu pa webusaiti panali sitemap yachilendo ndi fayilo ya HTML yotsimikizira umwini wa Search Console imene palibe wa ku loji ankaidziwa. Lamulo la wp core verify-checksums linaonetsa mafayilo awiri a WordPress yeniyeniyo atasinthidwa.

Sitinayese kuchapa theme imeneyo, chifukwa palibe angalumbire kuti wapeza zitseko zonse zobisika. Eni ake anagula laisensi, tinaika kope loyera, tinaikanso WordPress ndi ma-plugin kuchokera kumene amachokera, tinasintha mapasiwedi onse ndi ma-salt a mu wp-config.php, tinachotsa ma-admin awiri osadziwika, n'kuletsa PHP kuyenda mu uploads. Pamizu pomwepo panalinso backup.zip imene aliyense akanatha kuitsitsa, muli pasiwedi ya database. Tinaichotsa tsiku lomwelo.

Pochotsa maadiresi achinyengowa pa Google pali zolakwa ziwiri zimene anthu amachita kawirikawiri. Choyamba ndi kuwatsekera mu robots.txt: Googlebot ikaletsedwa kulowa singaone kuti tsambalo lafa, ndiye adiresi imakhalabe. Chachiwiri chinalipo kale pano, plugin yotumiza adiresi iliyonse yosowa ku tsamba loyamba. Google imazitenga ngati soft 404, tsamba losowa lonamizira kuti lilipo, ndipo plugin imeneyi ndi imene inabisa vutoli kwa eni ake nthawi yonseyi. Tinaichotsa, maadiresi a Chijapani onse tinawayankhitsa 410, yonena kuti tsamba linachotsedwa, ndipo ena osowa 404 yeniyeni, yonena kuti tsamba silikupezeka.

Liwiro

Tsamba loyamba linkalemera 11.4 MB. Lighthouse, chida choyezera liwiro cha mu PageSpeed Insights, poyesa ngati foni imayerekezera netiweki ya 1.6 Mbps, ndipo pa liwiro limenelo katundu wotere amafuna masekondi pafupifupi 57 kuti afike yense. Kwa mlendo wogula bandulo ya tsiku, kungotsegula tsambalo kasanu ndi 57 MB yapita. Pafupifupi 9 MB inali ya zithunzi 6 zosinthanasinthana pamwamba, zochokera mu kamera mmene zinalili, zotambalala mapikiselo oposa 4,000, kuti zikaonekere pa foni.

Miyezo ya Google ya Core Web Vitals imati LCP, nthawi yoti chinthu chachikulu pa tsamba chioneke, isapitirire masekondi 2.5, INP, nthawi yoti tsamba liyankhe munthu akadina, isapitirire ma-millisecond 200, ndipo CLS, muyezo wa kusunthasuntha kwa zinthu tsamba likamatseguka, isapitirire 0.1. INP inalowa m'malo mwa muyezo wakale wa FID mu Malichi 2024. Webusaiti yaing'ono ngati iyi ilibe alendo okwanira kuti PageSpeed Insights ionetse manambala a anthu enieni, choncho tinadalira a Lighthouse ndi foni ija. LCP inali masekondi 14.2, CLS 0.31. INP siyezeka pongotsegula tsamba, ndiye tinayang'ana Total Blocking Time m'malo mwake.

Zithunzi 6 zija tinasiyapo chimodzi, cha WebP, m'misinkhu itatu ya 480, 800 ndi 1600 kudzera mu srcset, chachikulu chake 140 KB. Chithunzi chapamwambachi chinali ndi loading="lazy", lamulo loti chisatsitsidwe msanga, zimene zimachedwetsa chinthu chenicheni chimene LCP ikuyeza. Tinachotsa lazy pamenepo n'kuika fetchpriority="high", lazy n'kutsala pa zithunzi za m'munsi. Chithunzi chilichonse chinapatsidwa width ndi height kuti browser isunge malo ake, ndipo CLS inatsika kufika pa 0.04. Mitundu ya zilembo inali isanu, inatsala iwiri. jQuery inkabwera kawiri, ya WordPress ndi ina yakale yomatidwa mu theme. Kalendala yosungitsira zipinda inkatsitsa mafayilo ake pa tsamba lililonse, ngakhale la mbiri ya loji. Ma-plugin anatsika kuchoka pa 31 kufika pa 12.

Titaika cache, yosunga masamba okonzeka kale, nthawi yodikira yankho loyamba la seva inatsika kuchoka pa masekondi 1.3 kufika pa 0.5. Tsamba linafika pa 1.1 MB ndipo LCP pa masekondi 3.0. Sitinafike pa 2.5. Chotsalacho ndi CSS yaikulu ya pulogalamu yomangira masamba, imene imaimitsa kujambula tsamba mpaka itafika yonse, ndipo kuichotsa kukufuna kumanganso masamba onse. Tinalangiza kuti ndalama imeneyo isawonongedwe panopa. Kusiyana kwa 3.0 ndi 2.5 pa masanjidwe a Google n'kochepa poyerekeza ndi zimene zakonzedwa kale.

Loji ya ku Sudan

JSON-LD, code youza Google dzina, malo ndi foni ya bizinesi, inalipo, koma inali ndi mtundu wa Organization, ndipo latitude inalembedwa 15.38 popanda chizindikiro chochotsera. Zomba ili kum'mwera kwa equator, cha pa -15.38 ndi 35.32. Popanda kamzere kameneko malowo amagwera kum'mawa kwa Sudan. Kuno, kumene adiresi ya bizinesi nthawi zambiri imakhala P.O. Box ndipo njira timalongosola ndi "mukadutsa pa msika mukhotere kumanja", manambala awiriwa ndi amene amanena kumene malo ali. Tinasintha mtundu kukhala LodgingBusiness, nambala ya foni kuyamba ndi +265 popanda 0 woyamba, ndalama kukhala MWK, ndipo dzina ndi foni tinazifananitsa ndi za pa Google Business Profile. Nyenyezi zisanu zimene webusaiti inkadzipatsa yokha mu aggregateRating tinazichotsa: kuyambira mu 2019 Google sionetsa nyenyezi zimene bizinesi yadziikira pa webusaiti yake.

Code yoti wobwera pambuyo aiwerenge

Vuto la head lija linatheka chifukwa aliyense ankalemba molunjika mu theme yaikulu, pa webusaiti yamoyo, popanda mbiri ya zosintha. Mu foda munali header.php, header2.php, header-old.php ndi header-final.php, osadziwika kuti ikugwira ntchito ndi iti. Zosintha zonse za loji tinazisamutsira mu child theme, theme yaing'ono yodalira yaikuluyo, kuti theme yaikulu izilandira ma-update osafufuta kanthu. CSS yomwazikana m'masamba tinaisonkhanitsa mu fayilo imodzi, ma-script akudutsa mu wp_enqueue_script osati kumatidwa pamanja, ndipo child theme yonse ili mu Git, imene imasunga mbiri ya zosintha. Mkonzi wa mafayilo wa mkati mwa WordPress tinamutseka ndi DISALLOW_FILE_EDIT. Eni ake anapatsidwa tsamba limodzi lolembedwa: kumene dzina la webusaiti linalembetsedwa ndi tsiku lolipira, kumene seva ili, ntchito ya plugin iliyonse, ndi chikumbutso chakuti setifiketi ya Let's Encrypt imakhala masiku 90, choncho aziona ngati ikudzikonzanso yokha.

Patatha masabata asanu ndi limodzi

Sitemap yatsopano ya masamba 50 inatumizidwa ku Search Console ndi ku Bing Webmaster Tools. Masamba ofunika kwambiri tinawapempherera index limodzilimodzi kwa masiku angapo, poti Google imaika malire a mapempho pa tsiku. Patatha masabata asanu ndi limodzi, masamba 46 anali mu index pa adiresi yoyenera. Kulemba dzina la loji kukutulutsa webusaiti yawo pamwamba, ndipo masamba a Chichewa akutuluka ndi zilembo zolondola. Pa "lodge in Zomba" ili pa tsamba lachiwiri, pansi pa makampani akuluakulu osungitsa zipinda, ndipo kukonza code kokha sikungaidutsitse pamenepo. Maadiresi a Chijapani atsala pafupifupi 700. Akuchoka pang'onopang'ono pamene Googlebot ikuwayenderanso, ndipo lamulo la 410 liyenera kukhalabe mpaka athe.

Masamba anayi otsalawo ali pa "Crawled - currently not indexed". Code yawo ndi yoyera ngati ya enawo. Onse ndi a zipinda, ndipo lililonse lili ndi ziganizo ziwiri zofanana, kusiyana dzina la chipinda lokha. Tapempha eni ake kuti alembe za chipinda chilichonse pachokha: mabedi angati ndi aakulu bwanji, ngati zenera likuyang'ana kuphiri kapena kumsewu, ngati muli neti ya udzudzu ndi madzi otentha, zimene zimachitika magetsi akazima, ndi mtunda wokafika ku yunivesite. Akatumiza mawuwo, masamba anayiwa adzapemphereredwanso index.